Buku la a Tigwirane

27 Januwale

Achemwali,

Kodi inu munthu atakulavulirani kumaso Lachiwiri, Lachisanu nkukuuzani kuti mugwirane naye chanza pagulu, mungatani? Mundiyankhe zoona, osati zongondisangalatsa.

Pepani ndayamba ndi funso moni ndisanapereke. Muli bwanji kumeneko? Msana uja unasiya? Kuno tilipo. Amayi akupitabe kumsika, tomato sakuyenda ndiye akumabwera atakwiya ndi aliyense, ngakhale mphaka. Kalatayi ndapatsira adalaivala a basi ya m'mawa. Pafoni sindingathe, foni ndi ya amayi ndipo amakhala pompo kumvetsera. Komanso mukundidziwa, pakamwa ndilibe mawu. Koma papepala masiku ano ndikumatha, muona nokha.

Teremu yatha kusukulu kunabwera buku lolembamo ana ozunza anzawo. Lalikulu, lachikuto cholimba chakuda. Amaliyang'anira ndi aphunzitsi ena amene timawatchula kuti a Tigwirane, mumva chifukwa chake. Anasankha ine kukhala mlembi. Anati ndimalemba zooneka bwino, komanso poti sindilankhula sindingaulule za anthu. Ndinasangalala, sindinama. Ndinagula ndi lula yomwe.

Tsamba lililonse lili ndi madanga asanu: tsiku, malo, mayina, zimene zachitika, ndi lomaliza lonena mmene nkhani yathera. Mkati mwa chikuto anamatamo lamulo lakuti wophunzira akakhala ndi nkhani zitatu zosatha, makolo ake aitanidwe akaonekere kwa ahedi ndi komiti. Nditaliwerenga ndinati basi, zinthu zisintha.

Lachisanu lililonse tikaweruka, onse olembedwa sabata imeneyo amakumana mu laibulale. A Tigwirane amaimika awiriwo kutsogolo, amvekere, “Tonse ndife banja limodzi, tiyeni tigwirane manja.” Akagwirana amanditembenukira, “Mlembi, lemba.” Ine nkulemba m'danga lomaliza kuti Yatha. Chiyambireni palibe nkhani imene sinathe. Palibe kholo limene linaitanidwapo. Pa asembule ahedi anatiombetsa m'manja, ati sukulu yathu ndi yamtendere.

Tsono Mzime wathu ali m'bukumo kasanu.

Pali mtsikana wina wa fomu thuu, wobwereza, timamuti Injini chifukwa amayenda patsogolo, anzake anayi pambuyo ngati mabogi a sitima. Anamupeza Mzime sabata yoyamba yomwe, atangomva kuti amachita chibwibwi. Amamuzungulira pa mpopi. “Tanena dzina lako timve. Inu dikirani pompa, ine ndikadye kaye, ndikamabwera akhala akumaliza.” Anamulanda juzi nkukaiviika m'ngalande ya kuzimbudzi. Lachiwiri lapitali anamulavulira. Ndipo pogwirana chanza paja amamumiza chikhadabo cha chala chachikulu kunja kwa dzanja, kwinaku akumwetulira a Tigwirane. Mzime sakuwa. Mukudziwa kuti akachita mantha mawu amamutsekera pakhosi.

Ndiye wolemba Yatha uja ndine. Kasanu, ndi dzanja langali, pa dzina la mng'ono wanga. Tikamabwerera kunyumba iye amayenda tsidya lina la msewu, ine tsidya lina.

Ndiuzeni chochita, Achemwali, inu ndinu wamkulu. Komanso ngati mungathe tumizani juzi ina. Ija tachapa katatu fungo silikuchoka. Amayi tinawauza kuti inasowa.

Ine mng'ono wanu,
Kachete

11 Febuluwale

Iwe Kachete,

Moni, moni. Ndili bwino, msana ukuyesako. Pepa ndachedwa kuyankha. Kufakitale kwabwera oda yaikulu ya mayunifolomu a alonda, tikusoka matumba a malaya mpaka maso kuchita chidima. Dzuwa ndikumaliona Lamlungu lokha.

Koma iwe! Kalata masamba atatu? Kachete yemwe uja ankabisala kuseri kwa chitseko alendo akabwera? Ndinawawerengera anzanga pa lanchi kuti amve kuti kwathu kuli mlembi wa sukulu yonse. Wina amvekere, ameneyo adzakhala loya. Ndinayenda monyada tsiku lonse. Ndaona ngati ukufuna kuusiya udindowo. Usayerekeze. Zinthu ngati zimenezo ndi zimene aphunzitsi amakumbukira pokulembera kalata ya umboni ukamamaliza.

Za Mzime ndamva, zandikhudza, koma ndi za ana izo. Sukulu iliyonse ili ndi injini yake. Umuuze asamawaonetse kuti zikumuwawa, atopa okha. Akamathamangira kukanena sabata iliyonse ndiye akuwapatsa chochita. Aphunzitsiwo ndi akuluakulu, anaphunzira zimenezi, ngati akuti agwirane manja ndiye kuti akudziwa chimene akuchita. Iwe ntchito yako ndi kulemba, mlandu si wako.

Juzi ndatumiza pamodzi ndi kalatayi. Ndasankha yokulirapo kuti avale mpaka chaka chamawa. Amayi musawauze zonsezi, mukudziwa mmene magazi awo amathamangira.

Denga lija linakonzedwa? Nanga mayeso ako a masamu anayenda bwanji? Undilembere, kalata zako zikundisangalatsa.

Achemwali ako

17 Febuluwale

Achemwali,

Moni. Tilipo. Denga silinakonzedwe. Masamu ndinakhoza. Juzi yafika, zikomo, ndi yokongola. Ili m'sutikesi, chifukwa woivala sakupitanso kusukulu.

Munawerengera anzanu kalata yanga? Pa lanchi? Mukudya? Pamene pali malovu paja munawerenganso, kapena munalumpha?

Mwati ndi za ana. Chabwino, imvani za anazo. Pa 6 mwezi uno, nthawi ya buleki, Injini ndi mabogi ake anamukankhira Mzime m'kachipinda kosungira matsache ndi ndowa, nkupiringidza chitseko ndi mtengo wa chikolopa. Anamuuza kuti amutsegulira akanena kuti “chonde nditsegulireni” kamodzi n'kamodzi, osakakamira. Belu linalira, iwo nkupita m'kalasi. Anakhalamo mapiriyodi atatu. Anamutsegulira ndi amayi okolopa atabwera kudzatenga ndowa. Anamupeza atadzikodzera. Mwana wa zaka khumi ndi zitatu, Achemwali. Amayiwo anamubwereka nsalu yawo, anadutsa bwalo lonse atafunda nsalu ya eni, ana ali m'mawindo.

Ndinalemba zonse. Danga linachepa, ndinalemba mpaka m'mphepete mwa tsamba. Lachisanu lake mu laibulale a Tigwirane anawerenga mokweza pamaso pa aliyense, ndi za mkodzo zomwe. Mabogi akudzitsina kuti asaseke. Kenako, “Tonse ndife banja limodzi.” Anagwirana. Ulendo uno chikhadabo chija chinatulutsa magazi. “Mlembi, lemba.”

Ndinaweramira bukulo, ndinayendetsa cholembera m'mwamba osakhudza pepala, nkutseka.

Kuyambira Lolemba lake Mzime sanapondekonso kusukulu. Amavala yunifolomu, timatuluka limodzi amayi atapita kale kumsika, tikafika pamphambano iye amakhota. Amakakhala pakhonde pa atelala achizimayi aja oyandikana ndi okonza njinga. Amawalowetsera ulusi m'singano, kuwatolera tinsalu pansi. Akuti makina safunsa munthu dzina. Atelalawo amuuza kuti ali ndi manja abwino, atha kumuphunzitsa. Anandilumbiritsa kuti ndisauze amayi. Inu sanakutchuleni, ndiye ndakuuzani.

Dzulo a Tigwirane aona danga lopanda kanthu lija. Anandiitana ku ofesi. “Mlembi, apa waiwala.” Ndinati sindinaiwale. Mawu anatuluka aang'ono ngati a kamwana ka mbewa, koma anatuluka. Anavula magalasi nkundiyang'ana ngati tebulo layankhula. Ati ndikaganize bwino pofika Lolemba.

Ndaganiza kale. Ndipo musandiuzenso kuti atopa okha. Watopa ndi Mzime. Yankhani msanga, masiku akupita ndipo akuzolowera khonde lija.

Kachete

21 Febuluwale

Mwana wanga,

Landira moni wa kuno. Uli bwanji ndi ntchito? Ine miyendo ndi imene ikuvuta, kwinaku ndili bwino. Ndalemba ndekha, usaseke zilembo. Sindikufuna mng'ono wako wapakatiyu aone chifukwa nkhani ndi ya iyeyo.

Dzulo ndinaitanidwa kusukulu. Ine chibadwire sindinaitanidwepo kusukulu chifukwa cha mwana. Ndinasiyira anzanga tomato padzuwa, ndinakakhala pa benchi panja pa ofesi ngati wakuba. Aphunzitsi ake ndi munthu waulemu, anandipatsa mpando. Akuti mayi, mwana wanu tinamukhulupirira, tinamupatsa buku la sukulu, pano akukana kulemba zimene tamuuza. Liwu limodzi lokha. Akuti kumapeto kwa teremu kubwera akuluakulu kudzaona bukulo, ndiye iyeyu akufuna kuipitsa mbiri ya sukulu yonse.

Ndinafunsa za Mzime poti akuti nkhani inayambira kwa iye. Akuti kunali kuseweretsana kwa ana, anakhululukirana. Anandilozera m'bukumo kuti taonani mayi, akwana masabata awiri sanabwerenso kudzadandaula. Ndipo ndi zoona. Mwanayu masiku ano akumabwera kunyumba ali phee, osalira, akudya bwino. Yunifolomu yake yoyera ngati sanaivale.

Ndamufunsa Kachete, wangoyang'ana pansi. Ndamukalipira, amvekere, “Amayi simukudziwa.” Ine! Ine amene ndinamubereka sindikudziwa! Chiyambire zolembalembazi wayamba kudzimva. Kale anali mwana womvera kuposa nonsenu.

Iwe amakumvera. Mulembere, alembe liwulo tipume. Akamuchotsa sukulu ndimuika kuti? Iwe unasiyira panjira, ndinapirira. Awiriwa ndikufuna amalize.

Ukapeza kangachepe utumize, denga likudontha pamene pamagona ana.

Ndine mayi ako

25 Febuluwale

Kachete,

Moni. Amayi andilembera. Ndachita manyazi. Mayi wamkulu kukakhala pa benchi ya ana olakwa chifukwa cha iwe? Ndakuyamikira kamodzi kokha kuti umatha kulemba, basi mutu wakula. Ndiwe ndani iwe woti uziphunzitsa aphunzitsi ntchito? Mzime mwini wake akuti ali bwino, wasiya kudandaula, iwe ndi amene ukukokera nkhani yotha kale.

Mawa lomwe ukalembe liwulo, ukapepese. Ndipo juzi ndinatumiza ija sunandiuze nkomwe ngati inafika. Ngakhale zikomo. Kulemba masamba atatu umatha, zikomo yekha wakukanika.

Achemwali ako

28 Febuluwale

Kachete mng'ono wanga,

Ija ndinatumiza Lamlungu ija ing'ambe. Ngati waiwerenga kale, ing'ambebe.

Kalata yako ya pa 17 ndailandira lero. Adalaivala anaiiwala m'kabokosi ka kutsogolo pamodzi ndi masipanala, yafika ili girisi yekhayekha. Ya amayi inaipitirira. Ndawalalatira pa depoti mpaka anthu anasonkhana, koma amene ndimafuna kumulalatira ndi ine ndemwe.

Ndawerenga mpaka pofika pa khonde la atelala, ndinakhala pa thumba la munthu. Iwe unali wamng'ono, sungakumbuke. Ine ndinakhala pa khonde ngati limenelo miyezi iwiri amayi asanadziwe. Atadziwa ndinawauza kuti sukulu yandikanika, ndimakonda zosoka. Sindinkakonda zosoka. Panali anyamata atatu ankandidikirira pa geti, ankanditchula dzina limene mpaka lero sindingalilembe. Nditanena kwa aphunzitsi anati asiye, atopa okha. Ndi zimenezo ndinakupatsira iwe, ngati chovala chakale. Pano ndasoka matumba a malaya zaka zisanu ndi chimodzi. Matumba okha. Malaya athunthu sindinasokepo.

Kuno singano ikakuboola chala, kapitawo amabwera ndi pepala kuti usaine kuti uli bwino, ubwerere pa makina. Ukangosaina basi, chalacho chikatupa ndi chako. Akale pantchito anandiphunzitsa tsiku loyamba kuti pepalalo likamabwera, manja kumbuyo. Ine ndimadziwa zimenezi, koma iwe ndinakuuza kuti ukalembe. Usalembe.

Koma amayi uwauze lero. Lumbiro lakolo liphwanye, Mzime akakwiya akwiyire ine. Uwawerengere kalata ino yonse, ndi za ine zomwe, usalumphe. Ndapempha tchuthi, andikaniza mpaka oda ithe. Undiuze chilichonse, ndipo uwauze adalaivala aike kalata m'thumba la malaya.

Achemwali ako, amene alibe nzeru zimene umaganiza

3 Malichi

Achemwali,

Moni. Zonse ziwiri zinafika. Yoyamba ija sindinang'ambe. Ndaisunga, tsiku lina ndidzakuwerengerani pa lanchi.

Yachiwiriyo ndinawawerengera amayi Lachinayi atabwera kumsika. Sindinalumphe, ndipo za Mzime ndinawauza zonse. Anakhala pampando atagwira beseni pamiyendo, osalitsitsa mpaka ndinamaliza. Anangofunsa kuti, “Miyezi iwiri?” Ndinati eya. Basi.

Lachisanu m'mawa ananyamuka ngati akupita kumsika, koma anakatidikira pamphambano. Anamupeza Mzime pakhonde paja ali ndi ulusi pakamwa. Sanamumenye. Anamugwira dzanja, anaona chipsera cha chikhadabo, anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatitenga tonse awiri, ulendo wa kusukulu, epuloni ya kumsika ili m'chiuno. Pa benchi paja sanakhalepo. Chitseko cha ahedi sanagogode.

Ndisanapitirize, dziwani kuti buku anandilanda Lolemba. Mlembi watsopano ndi mmodzi wa mabogi a Injini. A Tigwirane akuti sakudziwa za mabogi, akudziwa kuti mwanayo amalemba zooneka bwino.

Ahedi anamvetsera, kenako amvekere, “Mayi, ife timayendera buku.” Anaitanitsa. Amayi anati, “Buku limeneli linakhalamo m'kachipinda ka matsache muja?” Ahedi anangotsegula nkuyamba kuloza. Yatha. Yatha. Yatha. Kasanu ndi kamodzi, chifukwa danga ndinasiya lija bogi analidzaza kale.

Amayi anati, “Analemba bodza limeneli ndani?”

A Tigwirane anayankha mofatsa, ndi ulemu wawo uja. “Zisanuzi, mayi, ndi mwana wanu yemweyu.”

Amayi ananditembenukira. Bola akanandimenya, Achemwali.

Ahedi anati zakale zinatha, sangazidzutse. Mzime abwerere m'kalasi, zikachitikanso katatu osatha ndiye aitana makolo. Amayi anamenya tebulo mpaka sitampa inagwa. “Ndiye mukuti ndikubweretsereni mwana amuzunze katatu kena kuti inu muyambe kuwerenga? Wanu mungamubweretse?” Zina zimene ananena sindingalembe. Anatitulutsa ndi mlonda, akupepesa chapansipansi.

Panjira Mzime anati sabwereranso. Ati atelala amuyambitsa kudula nsalu. Amayi ankangoyenda.

Ndakhala ndikuganiza za manja kumbuyo aja. Ine ndinkaona ngati nkhani imatha ndi cholembera, ndiye atandilanda ndinati basi. Koma imatha ndi dzanja. Popanda kugwirana, bogi alibe cholemba. Komanso lamulo lija ndinaliloweza, ndinaliyang'ana Lachisanu lililonse. Likuti wophunzira akakhala ndi nkhani zitatu zosatha. Silikuti zitatuzo zichokere kwa munthu mmodzi. M'bukumo muli nkhani makumi atatu ndi zinayi, khumi ndi zisanu ndi zinayi ndi za Injini, ndipo mayina onse ali m'mutu mwangamu.

Vuto ndi lakuti ndiyenera kukalankhula nawo. Pakamwa. Ine amene ndimaopa kubwereka chofufutira. Koma ndakwiya kuposa mmene ndikuopera.

Kachete

11 Malichi

Achemwali,

Mwadzuka bwanji? Ndikulemba nditaimirira, pepala lili pawindo, ndiye zilembo zikapindika musadabwe.

Ndinalankhula ndi ana khumi ndi mmodzi. Ena anathawa ndisanamalize. Wina anandiyang'ana kuyambira kumapazi, amvekere, “Iwe si uja umalemba Yatha?” Ndinati ndine. Anandisiya pompo. Sindinamuimbe mlandu. Anavomera awiri okha amene anali ndi nkhani zatsopano sabata imeneyo: mtsikana wina wa fomu wanu amene Injini anamuthyolera mwendo wa magalasi, ndi mnzake wa m'kalasi momwemo amene amamulanda chakudya tsiku lililonse.

Wachitatu ndinamusowa mpaka Lachitatu. Injini anamva kuti ndikuyendayenda, anandipeza pa mpopi. “Amlembi opuma, akuti mwayamba kulankhula?” Anandiwomba mbama mpaka khutu linalira. Kunena zoona ndinatsala pang'ono kumuthokoza. Ndinapita kwa bogi wa buku uja tsaya lili chotupa. Ndinati lemba. Ati alibe cholembera. Ndinamupatsa changa. Tsiku. Malo. Mayina. Polemba dzina la bwana wake analumpha chilembo, ndinamuuza kuti akonze.

Mzime anaona tsaya langa madzulo ake. Anangotenga kansalu konyowa nkundiika. Lachinayi anadzuka yekha nkuwauza amayi kuti amuperekeze, nayenso ali ndi dandaulo. Anakalembetsa za chikhadabo, kuti pa 9 Febuluwale, mu laibulale, pogwirana chanza, Injini anamutulutsa magazi. A Tigwirane anati sizingatheke, iwo anali pompo. Amayi anawaikira dzanja la mwanayo pafupi ndi mphuno. “Ndiye mulembedwe ngati mboni.” Zinalembedwa. Pobwerera anadzera kwa atelala aja. Atamva nkhani yonse anamuvula siketi nkumusokera matumba awiri akuya, mbali iyi ndi iyi, osalipiritsa. Ati makina sathawa, adzawapeza akamaliza fomu folo.

Lachisanu mu laibulale tinalipo anayi, ofunika atatu. Amayi anawakaniza kulowa, anaima pawindo.

Woyamba wa magalasi. “Tonse ndife banja limodzi.” Iye manja kumbuyo, maso pansi. A Tigwirane anaseka, anaona ngati ndi manyazi. Ananyengerera, anaopseza, mwanayo ali chilili. Imodzi.

Wachiwiri uja Injini anangomuyang'ana. Mwanayo anatulutsa dzanja akulira. Bogi analemba Yatha mwachangu ngati pali mphotho.

Kenako ine. A Tigwirane anati, “Iwe ndiye ukudziwa bwino mmene timachitira.” Ndinati ndikudziwa, nchifukwa chake sindikugwira. Ziwiri.

Apa mpamene a Tigwirane anazindikira kuti pali masamu. Anayang'ana buku, anayang'ana Mzime, thukuta lili pamphuno. Mzime anaima kutsogolo manja ali m'matumba mpaka m'zigongono. “Mwana wanga, taganizira sukulu yako. Tulutsa dzanja.” Anafuna kumugwira pamkono, amayi anagogoda galasi la windo ndi mphete, iwo anabweza dzanja. “Chabwino, usagwire. Ungogwedeza mutu kuti yatha.”

Mzime sanagwedeze. Anatsegula pakamwa. “S… s… s…”

Bogi wina anaseka. Injini amvekere, “Tigona pano lero.”

“S… si… si…” Mitsempha ya m'khosi ili panja, maso atatseka. A Tigwirane anathamangira. “Akufuna kunena kuti sakusunga chakukhosi. Mlembi, lemba.”

Achemwali, ndinakuwa. Ine. “Musiyeni amalize yekha!” Mawu anagunda mashelefu, sindinadziwe kuti ndili nawo otero. Laibulale yonse inati zii. Bogi cholembera chili m'mwamba. Tinadikira. Palibe anakhosomola. Wotchi ya pakhoma inayenda pafupifupi mphindi yathunthu.

“Sinathe.”

Anatero, nkutsegula maso, nkumuyang'ana Injini kumaso.

Zitatu. A Tigwirane anatenga buku okha nkutuluka osatsanzika. Pasanathe ola makalata oitana makolo anali atasainidwa, chifukwa lamulolo analemba ndi ahedi omwe ndipo amayi anali atakhala kale mu ofesi, pampando, osapatsidwa.

Musaganize kuti ndasangalala. Ndikadali wokwiya. Ndakwiyira a Tigwirane amene pano akandiona akuyang'ana kumwamba. Ndakwiyira ahedi amene anafuna ana anayi aime kutsogolo ngati mbuzi za pamsika kuti akhulupirire zimene amayi okolopa anaona ndi maso. Ndadzikwiyira ndekha kasanu. Inunso pang'ono. Ndipo potuluka Injini anatinong'oneza kuti tiona. Mwina tionadi.

Msonkhano ndi lero teni koloko. Sindikudziwa kuti ukatha bwanji. Ndawauza amayi kuti achenjere, mwina akawauza makolo kuti agwirane manja. Ati anyamula beseni la tomato ndi manja onse awiri, salitsitsa mpaka atuluke.

Mzime wasanza kawiri m'mawa uno ndi mantha. Ndinamuuza kuti akhale, abwere ndi amayi nthawi ya msonkhano yokha. Wakana. Ati ali ndi manotsi a masabata anayi oti akopere, ndipo akachedwa wina amukhalira pa desiki yake ya pawindo.

Ndilekeze pano, Achemwali, ndiyenera kupita. Waima panja ndi chikwama kumsana, wandiitana katatu, akuti ndikumuchedwetsa, ndipo geti amatseka hafu seveni.

Kachete